Botolo la Hyerim ndi Langa

Lolemba, 8 Epulo

A Namgung, aphunzitsi athu a zamalonda, atigawa awiriawiri. Ine ndagwera kwa Hyerim. Mafuta odzola kumaso ndi amodzimodzi, mabotolo awiri. Aliyense alembe kapepala kake ka pabotolo, kenako tifunse ophunzira kuti angagule botolo liti. Wochita bwino apita ku Seoul, likulu la dziko lathu, tchuthi chino kukaphunzira ntchito kukampani. Malo ndi amodzi.

Hyerim amandiposa ndi chaka chimodzi chokha, koma ndiye "achemwali" mpaka kumanda. Anakulira ku Seoul komweko. Ine kwathu n'kuminda ya adyo.

Lachitatu, 10 Epulo

Pa langa ndalemba zonse: zosakaniza, kumene zachokera, amene sayenera kudzola. Pa lake mzere umodzi: "Lomwe atsikana a ku Seoul akulimbirana." Anawerenga langa n'kuti, "Daeun, ukugulitsa mafuta kapena feteleza?" Ndinaseka nawo ngati chitsiru.

Lachisanu, 12 Epulo

Tinali pageti la sukulu tsiku lonse kufunsa anthu. Mwa anthu 60, osankha lake 47. Nsanje ikundidya, sindibisa. Ngakhale kaimidwe kake kakundinyansa.

Loweruka, 13 Epulo

Chikundivuta china. Dzulo anthu ankabwera m'magulu. Wamkulu pagulupo akaloza botolo, aang'ono onse mitu gwedegwede. Mtsikana wina anawerenga langa mpaka pansi, koma mkulu wake atanena kuti "ili", analibweza msangamsanga ngati lamuotcha.

Lolemba, 15 Epulo

Ndafunsa ndekha kuseri kwa laibulale, mmodzimmodzi. Mwa 30, langa 19! Ochokera kumidzi amawerenga chilichonse, anyamata obwera kuchokera kuusilikali chimodzimodzi. Wina anati, "Pagulu paja ndinalikonda lanuli, koma ndingatsutse akulu chifukwa cha mafuta?"

Ndamuonetsa Hyerim zotsatirazi poti lipoti lathu ndi limodzi. Aka n'koyamba kumuona akuwerenga chinthu changa kawiri. Mtima wanga mbee.

Lachinayi, 18 Epulo

A Namgung anasiya zina zonse n'kuloza tsamba la lipoti lonena za kuseri kwa laibulale. "Apa ndiye pali nzeru. Anaganiza zofunsa mmodzimmodzi ndani?"

Yankho linali pakamwa. Koma maso anga anathamangira okha kwa wamkulu, Hyerim, kudikira kuti ayambe ndiye. Hyerim anati, "Tinaziona limodzi, aphunzitsi." A Namgung anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu movomereza.

Lachisanu, 19 Epulo

Dzina la wopita ku Seoul latuluka pakhomo la ofesi. Si langa.

Masana Hyerim wandilembera uthenga: "Daeun wanga, unditumizire mapepala a anthu 30 aja, akukampani akuwafuna." Ndalemba kuti "Chabwino achemwali", ndafufuta. Ndalembanso, ndafufutanso. Mapepalawo ali m'chikwama changa, ndipo ofesi ya a Namgung atseka 5 koloko. Ndavala kale nsapato.