Alamu, Tiyeni ku Nacala

Gulu: Kwathu ku Nsaru

LACHIWIRI

Frackson, 09:12
nde mwaganiza bwanji alamu? truck ikunyamuka lachisanu mmawa. mtedza tapakira kale, mpando wanu ulipo

Chancy, 09:40
ndinayankha dzulo. sindikupita

Frackson, 09:41
dzulo munayankha musanamve zifukwa. choyamba, ku Nacala kukutentha. inu kuno mukugona ndi majuzi awiri ngati mlonda

Chancy, 09:44
ndikafuna kutentha ndimakaima pa uvuni wa njerwa wa a Ackson. safunsa passport

Frackson, 09:45
passport muli nayo, ija munapangitsa muli ku college. ikungodyedwa ndi njenjete
chachiwiri, madzi ake ndi amchere. munthu sumira msanga, umangoyandama ngati chigubu

Chancy, 09:52
alamu zimenezi ndinalembapo mayeso. tourism, chaka choyamba. fotokozani zifukwa zimene alendo amapitira kugombe la nyanja yamchere. ndinakhoza kuposa kalasi yonse ndisanaonepo ndi nkhanu yomwe. kenako ndinasiya sukulu nkukwatira mlongo wanu Dorica. zifukwazo zili mchikwama pamodzi ndi passport

Esinati, 10:05
kkkk achimwene asiyeni alamu, akusambitsa Tawonga. ndikuwaona pawindo, mwana wawanyowetsa mpaka mmutu

Frackson, 10:06
mwaona? mwana wa chaka chimodzi wayamba kale kuwaphunzitsa bambo ake kusambira

Frackson, 13:20
📷 chithunzi
chachitatu. nsomba iyi ndinadya ulendo watha. kukula ngati mwana wa mbuzi. amakuotchera pomwepo pamchenga, pambali kokonati wa madzi

Chancy, 13:31
mwajambulira pafupi. usipa nawo ukhoza kuoneka choncho

Frackson, 13:33
mwano basi
nanga izi munalemba pa mayeso? nyanja yake imachoka. ukafika upeza mchenga wokhawokha mpaka uko, maboti atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala, azimayi akutola nkhono pamene panali madzi. pakapita nthawi madzi onse aja abwerera pamalo pake ngati sanachoke

Chancy, 13:58
zinthu zopita nkubwerera sindikufuna kuziona panopa

Frackson, 14:20
pepani alamu. sindinaganize

Chancy, 14:22
musapepese plz. ndakhuta nawo mawu amenewo. kuchigayo pepani, kutchalitchi pepani. mayi wa tomato pamsika amandiikira basela akuyang'ana pansi. Dorica anapita mvula isanagwe, pano tatuta chimanga, koma ine ndikadali maliro oyenda

Frackson, 14:25
chimenechotu nde chifukwa chachikulu. kumeneko palibe amene akudziwani. amalankhula chimakua ndi chipwitikizi. atanena pepani simungamve nkomwe

Chancy, 15:47
icho chokha nde chanzeru

Frackson, 15:48
nde tipite

Chancy, 15:55
alamu inu pamudzi pano mpanu. ine ndine mkamwini, amene anandibweretsa kulibe. ndatsala ngati mbuzi yoti chingwe chaduka koma ikungoima pomwe amaimangirira. ndikachoka sabata imodzi ndidzapeza chikwama changa pakhonde. ndiye Tawonga ndizidzamuona ngati mlendo, nditanyamula shuga. ayi

Frackson, 15:57
palibe angatero

Chancy, 15:57
ok

LACHITATU

Esinati, 11:03
achimwene amalume a Lawrence afika kuchokera ku Kasungu. akuti chimera chigayidwe lero, thobwa la loweruka. a mbali ya ku Kabudula awatumizira kale uthenga. alamu asadziwe kaye

Esinati, 11:03
ayi mayo ndalakwitsa gulu

Chancy, 11:04
osafufuta, ndawerenga. loweruka kuli chani Esinati?

Chancy, 11:09
Esinati

Chancy, 11:15
ndikukuona uli kuseri kwa nkhokwe. ndibwere?

Esinati, 11:18
musabwere, amalume ali pakhonde. alamu ine ndangomva. ayitana akuluakulu kuti akusudzuleni. akuti maliro anatha, ndinu mnyamata, akumasuleni mubwerere kwanu ku Kabudula mukapeze banja lina. akuti kukusungani kuno nkukulakwirani

Chancy, 11:19
Tawonga?

Esinati, 11:24
akuti mwana ndi wa kuchikazi. atsala

Chancy, 11:40
a Frackson. nde nsomba ija, kokonati uja, nyanja yochoka nkubwerera. mumadziwa eti

Chancy, 11:41
ndikakhale ndikuyandama ngati chigubu kuno mukundilanda mwana. ndidzapeze zonse zitatha bwinobwino, popanda wolira pagulu. nzeru zabwino ndithu

📞 Frackson anaimba, 12:02, sanayankhidwe
📞 Frackson anaimba, 12:03, sanayankhidwe

Frackson, 12:05
yankhani foni alamu, ndili pansi pa galimoto ku garage, manja ali ndi oil

Chancy, 12:11
tsiku la chikwati munandiuza kuti mwapeza mng'ono wanu. ndinakukhulupirirani kuposa abale anga enieni. kumanda munandigwira dzanja inuyo

Chancy, 12:12
nambala ya Dorica ikadali mgulu muno, ndinakana kuichotsa. zonsezi mwalemba pamaso pake

📞 Frackson anaimba, 12:14, sanayankhidwe

Esinati, 16:30
alamu chakudya chanu chazizira pakhomo. Tawonga wadya?

Esinati, 17:15
alamu

LACHINAYI

Frackson, 07:30
foni mwakana, nde werengani. eya ndimadziwa. koma mutu wanu wa ku college uja wawerenga chadodolido

Frackson, 07:33
munthu sasudzulidwa iye palibe. ayenera akhale pamphasa, amve ndi makutu ake, ayankhe. komanso malume wake wa Tawonga ndine. popanda ine palibe chimene angamange chokhudza mwana ameneyo. tikakhala tonse awiri ku Nacala loweruka, akuluakulu amwa thobwa lawo nkumwazikana

Frackson, 07:34
amalume tchuthi chawo ku esiteti chitha lolemba. akapita sabweranso mpaka fodya wina atagulitsidwa

Chancy, 08:10
bwanji osangondiuza?

Frackson, 08:12
ndikanakuuzani mukanapita kukayankhula chizungu pamaso pa amalume, nkhani ikanatha tsiku lomwelo. ndikunama?

Chancy, 08:13
simukunama

Frackson, 08:15
komanso anandiletsa mwini nzeru. si zanga izi

Chancy, 08:15
za ndani?

Esinati, 08:21
za amayi, alamu

Chancy, 08:22
amayi ake ati

Esinati, 08:22
tili ndi angati? apongozi anu

Frackson, 08:27
anandiimbira sabata yatha ndili pa border. anati mlongo wawo sangamutsutse pagulu, ndi wamkulu. inunso sangakuitanireni pambali, mwambo sulola. nde anati, tenga bambo a Tawonga upite nawo kulikonse kumene galimoto yako ikupita, ukawanamize chilichonse. ndinati mayi ikupita kunyanja. anati bola, akasambeko

Chancy, 08:50
amayi sandilankhula. tikakumana panjira amapatukira mmunda. chiikireni maliro sanandiyang'anepo kumaso. ndimayesa akuwerenga masiku oti ndichoke

Esinati, 08:53
ndi ulemu umenewo alamu, anayamba kalekale achemwali ali moyo. nanga madzi otentha amene mumawapeza kubafa mmawa uliwonse mumati amaika ndani? ine ndi tulo tangati?

Chancy, 08:54
ndimati ndiwe

Esinati, 08:54
kkkk mwandilemekeza

Esinati, 09:10
🎤 uthenga wamawu, 0:19

Esinati, 09:11
ndawajambula mobisa akuuza Tawonga kumbuyo uku. mwamva? akuti bambo ako akupita kukaona madzi, abwera

Chancy, 10:35
ndamva. ndamvetsera kangapo

Chancy, 10:41
koma alamu uku nkungozengereza. amalume adzabweranso chaka chamawa ndi chimera china

Frackson, 10:43
chaka chamawa kuli Beira. chinacho Dar. gombe lake ndi lalitali alamu, Tawonga adzalemba form 4 tisanalimalize

Frackson, 10:46
za serious, ndikufuna nthawi. amalume si oipa, akuona ngati akukuchitirani chifundo. ndidzapita ndekha ku Kasungu ndikakhale nawo pansi, pasakhale gulu lowaonerera. tsiku limene mudzafune kumasulidwa mudzanena nokha. osati kukutulutsani mwana asanadziwe nkomwe kunena kuti adadi

Chancy, 10:52
amanena. anayamba lamulungu

Frackson, 10:52
nde osatiuza??

Chancy, 10:54
amanenanso kwa nkhuku ndi kwa ndowa. ndimadikira atsimikize

Chancy, 11:20
nsomba ija. ndi yaikuludi?

Frackson, 11:21
ndinajambulira pafupi pang'ono

Chancy, 11:21
ndinadziwa

Chancy, 11:23
ndinyamule chani

Frackson, 11:24
kabudula. majuzi asiyeni

LACHISANU

Frackson, 06:32
ndaima pamsika pa Nsaru, pafupi ndi ma minibus. fulumirani amalume asanamalize kusamba

Chancy, 06:40
ndikubwera, ndadzera njira ya kudimba. Tawonga ndamusiya ali mtulo. ndinaima pakhomo nthawi yaitali

Esinati, 07:05
amalume afunsa. amayi awauza kuti mwapita kukathandiza achimwene kupakira feteleza, zadzidzidzi. mayi wa mvano kunama osaphethira. kenako awathirira tea wina

Chancy, 07:12
Esi tamvera. phala lake lisatenthe, umuyesere padzanja. shuga pang'ono, nsinjiro zambiri. kachipewa kofiira amakavula, uzingomuvekanso, osatopa. akafika kuchitsime amathamangira matope. masana uzimuonetsa chithunzi changa cha pa foni asandiiwale

Esinati, 07:13
sabata imodzi alamu

Chancy, 07:13
uzimuonetsabe

Chancy, 07:16
chachikulu ndi ichi. akayamba kulira pogona, kubereka sikuthandiza, nyimbo sizithandiza. umugwire khutu lakumanzere, kumunsi kofewa kuja, uzisisita pang'onopang'ono ndi chala. osakoka. lakumanja sizigwira. ndinazitulukira ndekha mwezi woyamba uja, palibe amene akudziwa. uwauzenso amayi, poti azigona naye ndi iwo

Esinati, 07:17
ok ndikawauze

Frackson, 07:25
tanyamuka. munthu wanu wakhala ngati akupita kukhoti

Esinati, 07:31
ndawauza. angolowa mnyumba

Esinati, 07:44
atuluka. akuti ndikuuzeni muyende bwino, musadere nkhawa, akudziwa. akuti Dorica analinso choncho ali khanda. khutu lomwelo

✓✓ Chancy waona, 07:44