Sizasi ya Bambo Ili pa Khoma

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Bondo lija likukulolani kuyenda masiku ano? Achimwene anandiuza pafoni kuti mankhwala opaka amene ndinatumiza munawabisa pamwamba pa kabati kuopa kuti angathe msanga. Amayi, mankhwala sachiritsa ali m'botolo. Pakani m'mawa ndi madzulo, akatha ndidzatumiza ena. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chandikakamira sabata ziwiri, mphuno yachita kusupuka ndi kumina.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni mumandidula mawu, inenso ndikaona kuti nkhani yayamba kulemera ndimathawira ku za mvula. Kalata ino muiwerenge mutakhala pansi, ndipo mufike nayo kumapeto musanayambe kundikalipira. Ndikudziwa kuti mundikalipira, ndipo simukhala mukulakwa.

Koma ndiyambe ndi za kuno. Ndinasamuka m'chipinda chachinyontho chija. Tsopano ndili m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, ndipo masitepe ndimawawerenga tsiku lililonse poganiza kuti mwina achepako. Zenera langa limayang'ana khoma la nyumba ina, koma masana kadzuwa kamalowa kokwanira kuumitsa masokosi. Mpopi wa kubafa umadontha. Eni nyumba amati abwera ndi wokonza Lachisanu, koma sanena kuti Lachisanu lake liti. Woyandikana naye ndi bambo wina wopuma pantchito amene akuphunzira kuliza lipenga atakalamba. Amadziwa nyimbo imodzi yokha, nayonso sanaimalizepo.

Kuntchito zasintha pang'ono. Sindikungosesa ndi kupukuta magalasi ayi, tsopano andiphunzitsa kudula makatoni ndi kuika zithunzi m'mafelemu. Nthawi zonse mumandifunsa kuti abwana anga amajambula maukwati angati pamwezi, ine n'kumangoseka. Lero ndikuuzeni zoona: sajambula anthu n'komwe. Amajambula supuni yopindika, loko wadzimbiri, sokosi yobooka pachidendene, zinthu zoti inu mukanazitaya kudzala osacheuka. Ndi mayi wamfupi, wa imvi, wosalankhulalankhula. Ife antchito timawatcha a Dikirani, chifukwa ukawafunsa chilichonse yankho lake ndi limenelo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndi kotere. Akapeza chinthu chowakoka mtima amachigoneka pa nsalu yakuda, patebulo la pafupi ndi zenera, n'kuchisiya pomwepo masiku angapo osachikhudza. M'mawa uliwonse amabwera ndi kapu ya tiyi, n'kukhala pampando kumachiyang'ana dzuwa likamasuntha. Kamera ili poteropo koma saigwira. Tsiku limene kuwala kwagwera mmene akufunira, amajambula kamodzi kapena kawiri basi. Kenako chithunzicho amachikulitsa mpaka kufanana ndi chitseko, moti m'supuni muja ukhoza kugonekamo khanda.

Sabata yanga yoyamba ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Ndinapeza kasopo kotsalira, kong'alukang'aluka, kali patebulopo, ndipo monga mwana woleredwa ndi inu ndinakataya m'bini n'kupukuta tebulo bwinobwino. Kanali katadikira dzuwa masiku asanu ndi limodzi. Nditaona nkhope ya a Dikirani ndinathamanga kukakatola, n'kukatsuka pampopi kuti kayere, ming'alu yonse imene ankaifuna n'kufafanizika. Sanandikalipire. Anangokhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ndapeza patebulo ndimayamba ndafunsa, ngakhale likhale khoko la nthochi.

Zithunzi zikakwana amachita chionetsero. Anthu amabwera atatchena, n'kuima kutsogolo kwa sokosi yobooka atagwira chibwano, kumanong'onezana ngati m'nyumbamo muli wodwala. Poyamba ndinkabisala kuseri kwa chitseko kuti ndiseke bwino. Ndinkati anthu akakhuta amasowa chochita. Pano ndinasiya kuseka, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndalembera kalata ino.

Amayi, sizasi ya bambo ili ndi ine. Yakhala ili ndi ine zaka ziwiri zonsezi. Alamu sanaitenge.

Ndinaitenga m'mawa wa tsiku limene ndinkanyamuka, patangotha mwezi titaika bambo. Inu munali panja mukundimangira katundu. Ndinatsegula kadilowa ka makina osokera, ndinaikulunga m'mpango, n'kuilowetsa pansi pa chikwama. Dzulo lake ndinali nditamva azakhali akunena kuti zida za telala ziyenera kupita kwa wodziwa kusoka, ndipo pabanja pathu wodziwa kusoka ndi mkazi wa achimwene, osati ine. Ine bambo ankati ndikadula nsalu imaoneka ngati yatafunidwa ndi mbuzi. Ndinachita nsanje, Amayi, palibenso dzina lina loitchulira. Mumtima ndinkati mwana wawo ndine, wobwera asatenge chinthu chimene chinkakhala m'manja mwa bambo anga tsiku ndi tsiku.

Mutandiimbira kuti sizasi yasowa, ndiponso kuti palibe wina amene amatsegula kadilowako koma alamu, mumtima ndinati ndikuuzani mawa. Mawa lakelo munandiuza kuti mwawafunsa pamaso pa achimwene ndi ana, alamuwo n'kulira, n'kutuluka osatsanzika. Pamenepo nkhani inandikulira. Mwezi unatha, kenako chaka. Ndinkamva kuti achimwene amabwera okha kudzakuonani, kuti adzukulu anu mumangowaonera patali akupita kusukulu, ine n'kumayankha kuti pepani Amayi, anthu ndi ovuta. Ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi ngakhale ndili ndekha m'chipinda.

Sizasiyo ndinkangoyenda nayo m'chikwama osaigwiritsa ntchito. Mwezi wathawu ya kuntchito inabuntha tikudula nsalu yokutira kumbuyo kwa felemu, ndiye ndinatulutsa ya bambo. Inadutsa m'nsalumo ndi kaphokoso kake kaja mukukadziwa. A Dikirani anali m'chipinda china koma anatulukira, n'kutambasula dzanja. Anaitembenuza kangapo, anafunsa kuti inali ya yani, kenako anapempha kuti ikagone pa nsalu yakuda. Ndinavomera, ndipo ndisaname, ndinanyada. Inakhala pamenepo masiku asanu ndi anayi, ine ndikusesa mozungulira tebulo.

Chithunzi chitabwera kuchokera kosindikiza, ntchito yochiika m'felemu inagwera ine. Tinachiyala patebulo lalikulu anthu awiri. Pachithunzipo sizasi ya bambo inali yaitali kuposa ine. Ndinaona pamene bambo ankanola mpaka chitsulo kupyapyala, ndinaona kadzimbiri kozungulira bawuti, ndinaona pamene utoto wakuda unatha ndi thukuta la m'manja mwawo. Kenako maso anga anafika pa chogwirira, polowetsa chala chachikulu paja. Mukukumbukira kuti chaka chawo chomaliza, nyamakazi itawatupitsa zala, pamenepo panakulungidwa kansalu kofewa kuti chitsulo chisamawapweteke? Ine masiku onsewa ndinkangoti munasokerapo ndinu, ndipo ndinali ndisanakayang'anitsitsepo. Pa sizasi yeniyeniyo msoko wake ndi waung'ono kwambiri. Koma pachithunzipo ulusi unali wonenepa ngati chingwe choyanikira zovala, paliponse pamene singano inadutsa pankaoneka, ndipo msoko wonse unapendekera kwina.

Ndine mwana wa telala ngakhale kudula kunandikana. Bambo ankati akaona mpendero wa chovala amadziwa dzanja limene lasoka. Ndinatembenuza mpendero wa siketi imene ndinavala, yabuluu ija munandipindira ndinu, n'kuyerekeza ndi chithunzicho. Msoko wanu umapendekera mbali imene umapendekera wa aliyense wosoka ndi dzanja lamanja. Wa pa sizasi unasokedwa ndi dzanja lamanzere. Pakhomo pathu wamanzere ndi mmodzi yekha, alamu, amene bambo ankawaseka kuti singano yawo imayenda chafutambuyo.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti. Ndinayamba kukumbukira bwino miyezi imeneyo. Ine ndinali kusukulu yogonera komweko, ndinkabwera mwa apo ndi apo. Inu munkaswera kumsika kuti pakhomo pasasowe kanthu. Amene ankakhala ndi bambo pakhonde, kuwalowetsera ulusi m'singano maso atayamba kufooka, anali alamu. Anaona chala chikutupa, sanauze munthu, anangotenga kansalu n'kusokerapo. Ndipo anachita zimenezi kawiri, chifukwa pachithunzipo pakuoneka kansalu kena kakale pansi pake, kotha ndi kukhulika. Munthu ameneyo ndi amene ine ndinamusiya kuti atchedwe wakuba.

A Dikirani anandipeza ndikulira nditaweramira chithunzi chawo. Choyamba anachikokera kutali kuti misozi isadontherepo, paja ntchito ndi ntchito. Kenako anandipatsa tiyi wawo n'kumvetsera nkhani yonse osandidula. Nditamaliza ndinkayembekezera yankho lawo lija la masiku onse. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ichi chokha usadikire. Lemba lero."

Sindinalembe tsiku limenelo. Ndinayamba makalata atatu, onse n'kuwang'amba, chifukwa m'kalata iliyonse ndinkapezeka ndikudziikira kumbuyo. Loweruka lapitali chionetsero chinatsegulidwa, ndipo sizasi ya bambo inapachikidwa pa khoma loyang'anizana ndi khomo, yokhayokha. Ine ndinali pambali ndi thireyi ya matambula. Mayi wina wachikulire, woyenda ndi ndodo, anaima patsogolo pake nthawi yaitali. Sankadziwa kuti ine ndine yani. Analoza pa chogwirira paja ndi ndodo yake n'kundiuza kuti, "Amene anasoka apa ankamukonda mwini wake." Munthu wachilendo, Amayi, anaona m'mphindi zochepa chimene ife eni ake sitinachione zaka ziwiri. Ndinaika thireyi pansi n'kupita kukasamba kumaso.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si loti mundikhululukire msanga. Zimenezo zitenge nthawi imene zingatenge. Ndikupempha kuti mupite kwa alamu inuyo, osatuma achimwene, osawaitanitsa kuti abwere kwanu. Bondo likavuta achimwene akuperekezeni, koma pachitseko mukagogode ndinu. M'envelopu muno ndaikamo kachithunzi kakang'ono ka chogwirira chija, a Dikirani anandisindikizira. Mukawaonetse alamuwo, ndipo mukawawerengere kalata ino yonse, osadumpha pa nsanje paja. Ana akakhalepo, chifukwa analiponso tsiku limene mayi awo anafunsidwa za kuba. Ndikudziwa kuti kutsika masitepe a pakhomo panu kupita kukapepesa mpongozi si chinthu chapafupi kwa inu. Koma mlandu waukulu ndi wanga. Inu munalankhula tsiku limodzi, ine ndinakhala chete zaka ziwiri.

Sizasiyo ndaitumiza dzulo papositi, pa dzina la alamu. Apositi akuti phukusi limachedwa kusiyana ndi kalata, mwina ndi sabata imodzi. Ndikufuna ikawapeze inu mutafikako kale, isakawafikire ngati chinthu chongoponyedwa pakhomo popanda mawu. Ndinaigwira nthawi yaitali ndisanaikulunge, ndipo kunena zoona dzanja silinkafuna kuisiya. Koma chala changa sichinakwanepo bwino pa chogwirira chimenecho, ndipo nsalu ine sindidula.

Ndili ndi mantha kuti mwina alamu sadzafunanso kumva mawu anga. Akatero sindidzawadandaula. Mukabwerako mundiuze mmene akulandirirani, ngakhale zitakhala zowawa, ndipo akalola ndidzawaimbira ndekha kuti ndipepese ndi pakamwa panga. Chimene sindingapirirenso ndi kumva kuti adzukulu anu akukula akudutsa pakhomo pa agogo awo ngati pa anthu achilendo, chifukwa cha chinthu chimene chinali pansi pa chikwama changa.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti ndikudziwa zimene ndinawasenzetsa pakati pa mayi wawo ndi mkazi wawo. Moni kwa azakhali, muwauze kuti ananena zoona za zida za telala. Moni kwa amalume ndi banja lawo lonse, ndiponso kwa anzanu a kumsika amene amandifunsa. Adzukulu anu muwagwire m'mutu m'malo mwanga, wamkuluyo ndi wamng'ono yemwe, amene ndinamusiya akukwawa ndipo pano ndikumva kuti sagwirika.

Moni wa alamu sindikuulemba muno, chifukwa sindinayenerebe kuwapatsa moni papepala. Umenewo ndausungitsa kwa inu, Amayi. Mukawapatse pakhomo pawo.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
wokukondani ndi wokulakwirani.