Aneba Anu Otupa Mapazi

12 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, kungoti chipinda changa chikundikulira. Kalatayi ndaipatsira adalaivala a ambulansi amene akudzera kwanuko mawa, chifukwa zimene ndikufuna kunenazi pafoni zikukana kutuluka. Ndakuimbirani kawiri, konseko ndangothera kukufunsani za mvula.

Mayeso aja ayandikira, ndi kumapeto kwa mwezi uno. Mukudziwa kuti aka n'kachitatu ndipo kachinayi salola. Ndikagwanso, ukatswiri wosamalira odwala mwadzidzidzi ndiye ndautsanzika. Anzanga awiri amene tinkawerengera limodzi anakhoza chaka chatha n'kusamutsidwa, moti ndatsala ndi chidole chapulasitiki cha m'chipinda chophunzirira, chopanda miyendo, chimene timayeserapo kupopa mtima. Anamwino achipatsa udindo. Ndikangoweruka amati, "Adokotala, fulumirani, amuna anu akudikira." Ndimaseka nawo, koma kunena zoona ndi yekhayo amene ndimacheza naye kwa nthawi yaitali.

Mayesowa si olemba okha. Umalowa m'kachipinda, belu n'kulira, oyesa atakhala pakona nkhope zili gwa, ndipo chilichonse chimene ukuganiza uyenera kuchinena mokweza, mwachangu, mosazungulira. Ukangoti kakasi, nthawi yatha. Ndiye ndazolowera kuyankhula ndekha, pochapa, popesa, potereka ketulo. Tsiku lina amayi eni nyumba anagogoda n'kuti, "Kodi mwalandira mlendo?" Nditati ayi, anasuzumira kuseri kwa chitseko n'kuti, "Ndiye muzipitako kutchalitchi, mwanangu."

Ndakuuzani zonsezi kuti mumvetse mutu umene ndinali nawo Lachiwiri lija munandiimbira. Munati, "Iwe, pali aneba athu ena achikulire. Mapazi atupa, akagona chagada akubanika, ndiye akumagona atakhala pampando. Kungoyenda kukafika pageti, wefuwefu. Chingakhale chiyani?"

Achemwali, ndinasangalala. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinasangalala kuti ndapeza wondifunsa funso ali ndi magazi m'thupi. Ndinakhala tsonga ngati belu lalira. Ndinakuuzani kuti mtima wa munthuyo watopa, madzi akudzadza m'mapapo, ndinatchula mankhwala, ndinatchula zoyeza, zonse m'ndondomeko yake. Inu munangofunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga amachira?" Ine wanzerune n'kuyankha monga mwa buku kuti pamene pafikapo n'patali, ambiri otere sakhalitsa, abale ake ayambe kukonzekera. Ndinakuthokozaninso kuti mwandipatsa funso labwino. Munati mafoni akuvuta, n'kudula.

Mawa lake kuntchito anabwera nawo agogo ena pa machira, mapazi ngati mitsamiro, mwana wawo atawanyamulira nsapato m'manja. Ndikuwaika mpweya m'mphuno, mawu anu ena amene sindinawasamale anandibwerera. Munati aneba anuwo nsapato zinasiya kulowa, akuyendera patapata, koma m'mawa uliwonse akumazipolishabe n'kuziika pakhomo. Achemwali, m'dera lonselo ndani amapolisha nsapato zimene savala? Ndinamaliza kuthandiza agogowo, ndinalemba zonse bwinobwino, kenako ndinakadzitsekera m'chipinda chosungira mabandeji.

Madzulo ake ndinaimbira bambo. Apa ndinazindikira kuti kwa miyezi iwiri ndakhala ndikuuzidwa kuti atuluka, akusamba, angogona kumene, ine n'kumavomera chifukwa zimandisiyira nthawi yowerenga. Ulendo uno ndinakakamira mpaka amayi anawapatsa foni. Pantchito yathu timaphunzitsidwa kumvetsera ngati wodwala akutha kumaliza chiganizo ndi mpweya umodzi. Bambo athu aja, amene akayamba kupempherera chakudya timadya chozizira, anati, "Mzime wanga." Anapuma. "Werenga." Anapumanso. "Kuno kulibe nkhani." Kenako ndinamva atatseka foni ndi dzanja kuti ndisamve chifuwa.

Sindinawauze kuti ndadziwa. Ndinati zikomo bambo, ndikuwerenga. Tonse awiri tinanamizana mwaulemu wake.

Poyamba ndinakukwiyirani, ndisabise. Ndinati anthu awa andiyesa mwana. Kuno ndimathamanga ndi abambo a eni tsiku ndi tsiku, ndimawang'ambira malaya, ndimakalipira ana awo kuti munachedweranji, pamene anga akugona pampando ine osadziwa. Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa ndikuwadziwa bambo. Ndikudziwa kuti anakusonkhanitsani n'kulamula kuti wa mayesoyo asamve kanthu. Ndikudziwanso chifukwa chake akukana kuchipatala: kumeneko kuli anzanga amene ndinaphunzira nawo, ndipo akangolembetsa dzina, foni yanga ilira tsiku lomwelo. Ndiye akudikira kuti ndilembe kaye. Inu munasowa pogwira, n'kupeka aneba kuti mupeze thandizo osaphwanya lamulo, ndipo ine ndinakulipirani ndi mawu aja. Mwawasenza nokha sabata yonseyi, osauza amayi, osauza aliyense. Pepani, achemwali. Ndimayankha mafunso mokhoza, koma tsiku limenelo ndinalephera.

Tsono mverani, ndipo apa ndikuyankhula ngati dokotala, osati ngati mng'ono wanu amene munkamusambitsa. Matendawa sadikira mayeso a munthu. Zimene ndinanena zija ndi za wodwala wosiyidwa kunyumba. Akapita msanga, madziwo amachotsedwa ndi mankhwala, munthu n'kugonanso pabedi ngati anthu ena. Kalatayi ikangofika, pezani galimoto, musawayendetse pansi. Mutenge mapilitsi onse amene akumwa, ngakhale ogula pagolosale. Mukafika musaime pamzere wa onse, mupite khomo la odwala mwadzidzidzi mukanene kuti akubanika ngakhale atangokhala. Mawu amenewo amatsegula zitseko.

Akakana, ndipo ndikudziwa kuti akana, muwauze izi monga ndalembera. Likafika Lachisanu asanaonedwe ndi dokotala, ine mayeso sindilemba. Ndikwera basi ndidzawanyamule ndekha, ndipo zaka zonsezi zipite m'madzi. Sindikuopseza ayi. Ndakauza kale akuluakulu a dipatimenti yathu. Anandifunsa kuti, "Mwaganiza bwino? Mwayi wina kulibe." Ndinati ndaganiza. Koma akapita kuchipatala, ndikulonjeza kukhala kuno, kuwerenga mpaka maso atafiira, ndi kukalowa m'kachipinda kaja mutu uli m'mwamba. Iwo asankhe. Ouma mutu m'banja mwathu si iwo okha, ndipo akudziwa kumene ndinatengera.

Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa mayeso, ndikuopa foni ikalira, ndikuopanso ikakhala chete. Masana ano ndakhala patebulo, buku lotsegula pamutu wa matenda a mtima, ndipo tsamba limenelo ndalephera kuliwerenga. Kunja ana a sukulu akudutsa, wina akukhoma misomali kuseri, aliyense ali ndi womuyankhula.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa ndikudziwa kuti ndiwo akuwanyamula bambo popita kubafa. Ana muwauze kuti amayi awo aang'ono sanawaiwale. Amayi muwauze kuti asiye kuseka mokweza pafoni, sakhoza, ndipo tsopano akhoza kulira ine ndikumva.

Pomaliza, moni wanga wapadera upite kwa aneba anu aja. Muwauze kuti dokotala amene munamufunsa tsiku lija anayankha asanaone wodwala, ndipo akupepesa. Muwauzenso kuti akafika kuchipatala andiimbire. Asavutike kuyankhula, asatsekenso foni ndi dzanja. Angoiika pakhutu n'kumapuma mmene angathere, zoyankhula ndiyankhula ndine. Sindiwerenga mpweya wawo. Ndikungofuna kumva kuti kumbali inayo kuli bambo anga.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime