Makina Anga Abwerere Pawindo

Lolemba, 1 Sepitembala

Andichotsera makina pawindo. Ine ndili kubafa. Potuluka ndapeza pamalopo ayala mphasa ya khanda ndi zidole, makina anga ali m'kanjira kopita kukhitchini, pakati pa tsache ndi ndowa. Makina amene analera ana asanu. Pafupi ndi tsache.

Wonyamula ndi mwana wanga yemwe, Dalaivala. Olamula ndi mkazi wake, apongozi anga. Dalaivalayo basi yodzaza anthu amaiwongolera yekha, koma akalowa m'nyumba muno ndi kondakitala.

Mlandu wake akuti khanda layamba kukwawa, dzulo analipeza ndi phini mkamwa. Phiniyo ndi yanga, sindikukana. Imodzi. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndikusoka, palibe mwana anamezapo phini yanga. Apongozi akuti, "Ababa, pumulani, ntchito munagwira yokwanira." Kupuma ndidzapuma tsiku limene akalipentala adzandiyeze ineyo.

Apongozi sakondanso mayina amene ndinawapatsa adzukulu. Koma anagwira. Batani, wa zaka zisanu ndi chimodzi, kamtsikana kochepa koma nyumba yonse imamangika pa iko. Zipi, kamnyamata ka zaka zitatu, pakamwa pake sipatsekeka. Khandalo ndi Kachigamba, linabwera mochedwa kudzatseka pobooka.

Tsono nkhani yeniyeni. Batani ayamba sukulu Lolemba likudzali. Nsalu yabuluu ya yunifolomu inagulidwa kale, ya madiresi awiri. Lero ndamva akunong'onezana kuti angokagula yosokasoka kusitolo. M'nyumba muli telala! Ndinaimirira. Ndati diresi ndisoka ine, ikamukwana makina abwerera pawindo. Apongozi anayang'ana mwamuna wawo, mwamuna wawo anayang'ana denga. Tapangana: mpaka Loweruka m'mawa. Ikapanda kukwana, masana ake kusitolo, makina akwatirane ndi tsache.

Ikwana.

Lachiwiri, 2 Sepitembala

Tsiku loyeza. Apongozi anabwera ndi tepi yawo yachikasu. Ndaibweza mwaulemu. Sukulu sindinapiteko, inde, zilembo izi ndinatola m'manyuzipepala amene ndinkadulira mapatani, kufunsa makasitomala chimodzichimodzi. Manambala ndimawadziwa. Koma tepi imatamuka, ndipo nambala munthu amaiwala. Chingwe sichiiwala.

Kansalu kong'amba, kotalika. Mfundo yoyamba phewa. Yachiwiri chifuwa. Yachitatu chiuno. Yachinayi kutalika mpaka pansi pa bondo. Munthu yense ali pa mfundo zinayi. Ndavekapo akwati ndi maloya ndi njira yomweyi.

Batani pa mpando, manja m'mwamba, kuseka ngati ndikumugirigisha dala. Chifuwa ndayeza katatu. Akuti diresi ikhale ndi thumba lalikulu. Ndati la chiyani. "Loti muzilowa mwala wanga." Ali ndi mwala woyera umene amagona nawo. Chabwino, thumba la mwala.

Zipi anali pambali, mimba kunja, manja atakweza kale. "Inenso agogo ndiyezeni." Ndati iwe sukulu ikadali kutali, choka ungapondedwe. Kulira kwake mpaka mayi oyandikana nafe anasuzumira. Ndamupatsa bobini yopanda ulusi. Waiponya m'ndowa.

Chingwe ndachikoleka pa msomali pamwamba pa makina.

Lachitatu, 3 Sepitembala

Lamba wa makina waduka nditangoponda kawiri. Ndi chinyezi cha m'kanjira muja, pawindo sanadukepo. Ndinapita naye kwa wosoka nsapato. Bambo uja nkhani zambiri, manja ochedwa. Maola awiri.

Pobwera ndinamva kuseka m'kanjira. Atandiona, Batani ndi Zipi onse awiri zii, manja kumbuyo. Ndinayang'ana lumo, lilipo. Choko chilipo. Chingwe pa msomali. Ndinangoti ana ndi ana.

Masana ndadula. Poyala chingwe pa nsalu maso anandiuza kuti kachepa. Ndinaima pang'ono lumo lili m'manja. Koma maso anga andinamizapo kangapo chaka chino, chingwe sichinandinamizepo chiyambire. Ndadula.

Ichi ndilembe pansi chifukwa kope silinena. Bowo la singano sindikuliona. Ndinanyambita ulusi mpaka unafewa ngati thonje, kulasa apa, kulasa apo, osalowa. Batani anaima pambali kundionerera. Kenaka anangotenga, kamodzi n'kamodzi, walowetsa. Ndati izi zithere pompano. Akuti zithera pompano ndikamulola kuponda chopondera kakhumi. Waponda kakhumi ndi kanayi, amayesa sindikuwerenga.

Malemu mayi ake a Dalaivala ndi amene ankandilowetsera ulusi zaka zomalizira zija. Nawonso osanena kwa munthu. Tidzanja ta mwanayu n'tofanana ndi tawo, chala chaching'ono chopindika. Ndinayang'ana kumbali, ndati fumbi la tsache.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Kusoka tsiku lonse. Phewa, kolala, manja. Mdima wa m'kanjira ngati m'thumba la jekete. Aliyense wopita kukhitchini ndiyambe ndaimirira kuti adutse. Ndaimirira kakhumi ndi kasanu ndi kawiri.

Zipi wapeza ntchito. Amakhala pansi pa makina, pa chopondera penipeni, akuti ndi basi ya adadi. Ine ndikaponda iye amakwera n'kutsika, kukuwa kuti otsika atsike. Ndamutulutsa kanayi. Kachisanu ndinangomulipira batani lakale, ndati ndikutsikira kumsika. Wandiuza kuti basi yake siima kumsika.

Kachigamba watulutsa dzino lachiwiri. Waliyesa pa chala changa. Ndi lakuthwa bwino.

Zoipa zachitika pa chakudya chamadzulo. Tili pakati pa kudya, Zipi mkamwa modzaza: "Agogo saona bowo la singano, amawalowetsera ndi Batani." Anali pansi pa makina nthawi yonse ija, ine osaganiza. Batani anamuponda phazi. Dalaivala anatsamwa ndi madzi, kutsokomola kosatha, mapewa akugwedezeka. Ndikukudziwa iwe, ndinakusintha matewera. Apongozi sanaseke. Anangondiwonjezera ndiwo.

Ndati chosowa ndi windo, osati maso. Onse anangopitiriza kudya. Bola akanatsutsa.

Diresi yatsala mpendero ndi thumba. Ikuonekabe yaing'ono. Buluu amachepetsa chinthu.

Lachisanu, 5 Sepitembala

Ndilembe bwanji.

Dalaivala lero anali wolowa masana, choncho onse analipo. Ndinawaitana ndekha pabalaza kuti adzaone. Ndekha! Batani anakweza manja, ndinamuveka. Mutu unalowa theka. Mkono umodzi unatulukira pakhosi. Basi, pomwepo. Kukoka pansi osatsika, kukoka m'mwamba osatuluka. Mwana ali m'kati mwa nsalu, mawu akumveka patali: "Agogo, kunjako kuli bwanji?"

Tinamusolola awiri, ine ndi apongozi. Ine thukuta. Ndinatenga chingwe kuyeza diresi, zonse zikugwirizana, mfundo ndi mfundo. Kuyeza mwana, chingwe chikuthera pa ntchafu.

Tili m'kati modabwa, Zipi watola diresi pansi, wavala yekha. Phewa ndendende. Chifuwa ndendende. Mpendero pansi pa bondo, pamene ndimafuna. Ngati anabadwa nayo. Anazungulira kawiri n'kuika manja m'thumba.

Batani ndiye anaulula, mutu pansi. Tsiku la lamba lija Zipi ankalirabe za kuyezedwa. Iye anakwera pa ndowa, anatsitsa chingwe, anamasula mfundo zanga zonse, n'kumuyeza mlongo wake. Phewa, chifuwa, chiuno, kutalika. Mwa dongosolo lake, osasokoneza ngakhale imodzi. Anangoonera kamodzi kokha!

Ndimafuna kukalipa. Koma ndikalipa bwanji? Ndinali ndi anyamata ophunzira ntchito amene anatha miyezi itatu osadziwa kumanga mfundo ya chifuwa.

Dalaivala anagona pa sofa, miyendo m'mwamba. Apongozi anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi thewera la khanda, kenaka anangokhala pansi. Zaka zisanu ndi zitatu m'nyumba imodzi, lero ndi pamene ndawaona mano onse. Atapuma anati, "Ndiye mawa kusitolo, Ababa?" Ndati tinapangana Loweruka m'mawa, lero ndi Lachisanu. Ndipo onse aone: chingwe sichinaname. Chinayeza amene chinayeza.

Nsalu yatsala ya diresi imodzi. Ndikalakwitsa iyi, kwatha.

Ndayezanso Batani. Chingwe ndachimanga m'khosi mwanga, ndidya nacho, ndigona nacho. Pofuna kudula ndapeza tebulo lodyera alisunthira pawindo, mbale atachotsa. Sindinafunse.

Zipi wakana kuvula. Wapita nayo panja kukaonetsa ana a oyandikana nafe. Akuti ndi yunifolomu ya madalaivala.

Loweruka, 6 Sepitembala

Ndinadzuka kukuyera kumene. Msana ngati thabwa. Nkhawa yanga inali ya ulusi, poti Batani sadzuka msanga Loweruka, ndipo kumudzutsa ndi kuuza nyumba yonse.

Kufika pa makina, ulusi uli kale m'singano. Bobini ziwiri zodzaza. Singano zitatu zapamanja zobayidwa pa kansalu, iliyonse ndi ulusi wake wabuluu, mfundo kumapeto. Pa ndowa yovundikira pali nyale ya pa tebulo ya kuchipinda kwawo, chingwe chake atachikokera kuchokera kukhitchini. Batani ali m'tulo, mwala m'manja.

Apongozi anali kukhitchini, msana kuno. Ndinati mwadzuka bwanji. Anati tadzuka, tiyi ali pa moto. Basi. Iwo osanena, ine osanena. Mayi ameneyu analeredwa.

Kuponda, kuponda. Ulusi utaduka kawiri apongozi anangotulukira okha ngati akudutsa, kulowetsa, kupitirira. Pomaliza anandisitira misoko, ine ndikulumikiza kolala. Amasita bwino, kungoti amathamanga pa ngodya. Ndawauza. Anati zikomo aphunzitsi. Sindikudziwa ngati kunali kunyoza.

Dalaivala asanapite kuntchito anasiya maginito a wailesi yakale, akuti ana azisaka mapini. Zipi, ali m'diresi yake, anakwawa nawo pabalaza ponse. Pansi pa windo, m'ming'alu ya simenti, watola asanu ndi awiri. Ndinanena kuti imodzi. Chabwino. Apongozi anangowalandira m'dzanja n'kundipatsa kachitini kotsekera. Mapini azikhala mmenemo, pamwamba pa kabati. Ndavomera. Osati chifukwa anena iwo. Kachigamba ali ndi mano awiri okha, asayambe ndi zitsulo.

Dzuwa lisanafike pamutu, Batani pa mpando. Manja m'mwamba. Mtima wanga phaphapha ngati telala wa dzulo. Yatsika yokha, see, mpaka pansi pa bondo. Phewa lili pa phewa. Mwala walowa m'thumba, malo otsala a mwala wina. Mpendero ndapinda kawiri kuti chaka chamawa tidzangomasula.

Apongozi anamuzungulira, kukoka apa, kukoka apo, kufuna cholakwa. Kenaka: "Ya kusitolo siikanakhala chonchi." Ndinayankha kuti ndikudziwa.

Kusitolo sikunapitidwe.

Lolemba, 8 Sepitembala

Batani anakana kuperekezedwa ndi wina. Akuti wosoka ndi amene apite. Ndinavala jekete la mabatani atatu.

Njira yonse dzanja lake m'dzanja langa, linalo m'thumba. Ana ambiri a buluu yemweyo, koma makolala opotoka, mipendero yokwera kumbuyo. Ndinawerenga zolakwa mpaka ndinatopa.

Pa geti ndinaima. Zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, mayunifolomu amene ndasoka angadzaze basi ya Dalaivala, koma geti la sukulu sindinalidutsepo. Ana anga ankawaperekeza ndi mayi awo. Mwana anandikoka: "Lowani agogo, saluma." Ndinalowa. Mpaka pakhomo la kalasi. Timipando ting'onoting'ono, zilembo pakhoma, zomwe zija ndinkazitola m'manyuzipepala, apa zili pa mzere, chilichonse ndi chithunzi chake. Ndinaziwerenga zonse chamumtima. Sindinaphonye.

Batani sanalire. Amene anafuna mpango ndi wina.

Pobwerera mayi wina wandiimitsa, akuti diresi ya thumba ija anasoka ndani, ali ndi mapasa. Ndamuuza abwere nawo Lachitatu. Ndidula zingwe ziwiri. Woyeza ndi Batani akaweruka, ine ndiziyang'anira.

Zipi akadali m'diresi, tsiku lachinayi. Amaichapa iye akagona masana. Ndamuyeza kabudula ndi chingwe chakechake kuti mwina tingasinthane. Akuti aganiza.

Kachigamba amusamutsira pakona ya sofa ndi mphasa yake. Pawindo apongozi asesa, akolopa, ndipo dzuwa likugwera pamalo opanda kanthu. Makina akadali ndi tsache. Loweruka Dalaivala anati wachedwa kuntchito. Dzulo anati msana. Lero ali pa ofu, ndikumumva kuchipinda akuseka ndi foni, msana womwewo.

Dalaivala, ndikutseka kope ili ndikubwera kumeneko. Unawanyamula wekha popita, uwanyamula wekha pobwera. Dzuka, makina anga abwerere pawindo mwana asanaweruke!