Nyumba ya Amayi Idikire Ndifike

Karonga,
Meyi 1952.

Okondedwa achemwali Eveles,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Lifuwu. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ine kuno thupi lili bwino, Mulungu akundisunga, koma mtima ndiye ayi.

Kalata yanu ndinailandira sitima itangokocheza, ndipo ndinaiwerengera padoko pomwepo, chilili. Ndathokoza onse amene anaika amayi m'manda ine kulibe. Uthenga wa maliro unandipeza mochedwa, mitsinje itadzaza, msewu utaduka, ndipo ndinalirira m'chipinda ndekha popanda wondipepesa. Koma chimene chandilembetsa lero ndi mawu amene munaika kumapeto, akuti atsibweni a Lameck anena kuti mukatha kumweta mpunga aphika mowa, anthu ametenso, kenaka agwetse nyumba ya amayi monga mwa mwambo.

Ndisanafike pamenepo ndiyankhe funso lanu. Mwati alamu akumauza anthu kuti ine ndimangobisa mutu m'nsalu tsiku lonse boma n'kumandidyetsa. Auzeni kuti sananame kwenikweni. Mzungu amene ndinabwera naye akufuna zithunzi za nyumba zakale za kuno kumalire zisanagwe. Iyeyo malungo anamugwira n'kuthawira kumapiri kozizira, ndiye bokosi lojambulira lija ndi ntchito yonse zatsalira ine.

Nyumbazo mutaziona mungaseke. Ina ndi sitolo yanjerwa, makoma ake ochindikala kuposa dzanja langa lonse, ndipo ali ndi timabowo timene akuti ankatulutsirapo mfuti pa nkhondo yolimbana ndi ogula akapolo. Lero eni ake ndi mileme, fungo lake losanena. Ina inali ya boma, denga linagwa kalekale, mkuyu wamera pabalaza. Palinso manda a asilikali a nkhondo ya Ajeremani, maina awo ovuta kutchula, ndipo sindinaonepo mbale wawo aliyense akubwera kudzalambula.

Ndimafika m'mamawa, n'kuimika bokosi pa miyendo yake, n'kudikira dzuwa kuti lifike pakhomo bwino. Nthawi zina ndimadikira mpaka mimba kulira. Ndikafunda nsalu yakuda ija nyumba imaoneka pagalasi chozondoka, denga pansi maziko kumwamba. Poyamba anthu ankandithawa poganiza kuti ndikuyeza malo oti boma liwalande, ndipo mayi wina anandithamangitsa ndi mpini wa khasu. Pano anandizolowera, amangonditenga ngati wamisala wosaluma.

Achemwali, kuno ndasungulumwa. Anthu ndi abwino, amandipatsa nthochi zophika ndi mkaka wowawasa, koma Chinkhonde chawo ndimangotolapo moni yekha. Akaseka, ine ndimaseka nawo osadziwa ngati akuseka ine. Tsiku limatha ndayankhula ndi makoma okha. Amene ndimacheza naye m'chinenero chathu ndi a Abdallah, telala wa ku Nkhotakota amene amasokera pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Ndimawang'ambira dala mabatani a malaya kuti ndipeze chifukwa chokakhalira pamenepo.

Tsiku lina nditawauza za maliro anaimitsa makina, napepesa mwa Chisilamu chawo, kenaka anandipempha kuti ndiwaonetse chithunzi cha malemuwo. Ankaganiza kuti munthu wojambula ngati ine ndili nazo zambirimbiri. Inu mukukumbuka Khirisimasi ija ndinabwera ndi bokosi kumudzi, amayi anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ankati chinthu chimenecho chimachotsa mthunzi wa munthu, ndipo ngati ndikufuna kuonetsa luso ndijambule mbuzi. Tonse tinaseka mpaka misozi, ndipo mbuzizo ndinazijambuladi. Chithunzi cha mbuzi ndili nacho mpaka lero. Cha amayi ndilibe.

Chiyambire tsiku limenelo ntchito ikundiwawa. Ndikusunga nyumba za anthu amene sindinawadziwe, oti ngakhale adzukulu awo anawaiwala, pamene nyumba imene ndinabadwiramo ikudikira kugwetsedwa. Ndikafunda nsalu ija ndimaona khonde lathu, mtondo uli pambali, chitseko chabango chija chosatsekeka bwino. Ndimaona khoma limene amayi ankazira chaka ndi chaka ndi dothi lakuda lakudambo. Kumanja kwa khomo zala zawo zimaoneka bwinobwino m'dothimo, poti ankati kusalaza kwambiri ndi ntchito ya anthu opanda munda. Nkhope anandikaniza, koma zala zimenezo sanandiletse.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawapemphe atsibweni kuti nyumbayo aisiye iime mpaka ndifike. Ntchito ino itha mwezi wa Julaye, ndipo sitima yoyamba ikanditsitsa ku Chipoka. Sindikutsutsa mwambo ayi. Za mkangano wawo ndi akulu a mpingo pa nkhani ya mowa ine sindilowamo. Ndikudziwa kuti atsibweni adzati mzimu ukaona nyumba ili chiimire umabwerera kudzafuna pogona, ndipo ana amadwala. Muwauze kuti ndikungopempha m'mawa umodzi wokha, dzuwa likamawomba pakhomo. Ndikatha kujambula, udzu woyamba padenga ndidzasasula ndine, ndi manja angawa.

Musapite nokha, mutu umodzi susenza denga. Mutengane ndi azakhali a Maria, poti atsibweni amawaopa ngakhale savomera. Mupite atsibweniwo atadya kale. Alamu muwasiye kunyumba, angakayambe nthabwala zawo za nsalu n'kuononga nkhani yonse. Ndipo chonde ana asamasewere chipako pakhondepo, angakande khomalo.

Mundiperekere moni kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa alamu, ndi kwa ana anu Luka ndi Gladys. Luka mumuuze kuti ndamva zoti wayamba kupalasa bwato, asamapite patali mwera ukayamba. Moni kwa onse a mumpingo amene anagona pamaliro.

Kalata ino iyenda masiku ambiri panyanja, ndipo ndikudziwa kuti mpunga sudikira kalata. Ngati ikupezani nyumba itagwa kale, musakangane ndi atsibweni chifukwa cha ine, ndiponso musandibisire poopa kuti sindibwera. Ndibwerabe ndi bokosi langa. Mudzavale chirundu cha amayi chobiriwira chija, mudzaime pamene panali khomo, ndidzajambule inuyo. Sindinakuuzenipo, koma mukakwinya nkhope poyang'ana dzuwa mumakhala amayi enieni. Inu nokha musadzathawire kuseri kwa nkhokwe ndikadzakupemphani, chifukwa ndilibenso wina.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu wakutali,
Fletcher