Njoka mu Disipuleyi ya Idah

Chilomoni,
Blantyre.
10 Ogasiti, 1997.

Okondedwa Achemwali a Petronela,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Chiringa. Ine kuno thupi lili bwino, chiperoni chokha ndiye chatikhaulitsa, moti phiri la Michiru sitinalione sabata yonseyi.

Ndikudziwa kuti nkhani yanga inafika kale kumeneko. Idah anakwera basi masabata awiri apitawo, ndi pakati pake pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndamva kuti ali kwa amayi ake. Sanandilembere ngakhale mzere umodzi. Ndiye ndati ndilembere inu, chifukwa mlamu wanuyo amakumverani kuposa mmene amandimvera ine. Ndikufuna abwerere, Achemwali, kapena andilole ndibwere ineyo, mwana wathu woyamba asabadwe bambo ake ali kutali ngati munthu wothamangitsidwa. Koma musanandiweruze, imvani kaye mmene zinayendera, chifukwa zimene akufalitsa anthu nzabodza zokhazokha.

Njokayo ilipodi, zimenezo sindikana. Koma abale, njoka yake! Mutaiona inu nomwe mukhoza kuseka. Kutalika kwake kuyambira pachigongono panga kufika kunsonga ya zala, kuwonjezerapo pang'ono. Kunenepa ngati chala chachikulu basi. Ndi yofiirira, ya madontho akuda mizere iwiri pamsana, kumchira kotuwa. Ndi mtundu wa nsato koma sikula, azungu amati dwarf boa, ndipo kwawo ndi kuzilumba zakutali, si ya kuno. Ilibe ululu. Ikachita mantha siluma ayi, imangodzikulunga ngati nkhata, mutu kubisa mkati. Chiyambire ntchito ya mulabu ya sayansi sindinaonepo kanthu kofatsa chotere.

Mwini wake anali a Ramsey, mzungu uja amaphunzitsa Biology kusukulu kwathu. Nthawi yawo itatha, anandiitana nkunena kuti mwa anthu onse ndine ndekha amene ndimaigwira osanjenjemera, ndiye andisiyira. Achemwali, mtima wanga unachita kudumpha. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikutsuka mabotolo a anthu, lero munthu wophunzira wandikhulupirira ndi chinthu chamoyo! Anandipatsanso pepala lolemba zonse zofunika. Vuto linali lakuti bokosi lake lagalasi linasweka posamutsa katundu, moti anandipatsira mu pilokesi. Ahedi nawo anakana kuti ikhale kulabu, ati tikutsekera holide ndipo magetsi akumeneko azimitsa. Ndiye ndinabwera nayo kunyumba.

Linali Lachinayi m'mawa, Idah atapita kusikelo. Ndinakhala pampando, pilokesi pamiyendo, nkumayang'ana uku ndi uku. Katoni? Inyowa, ituluka. Ndowa? Mpweya mulibe, ndiponso kuzizira kumeneku ikhoza kufa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene maso anga anagwera pa disipuleyi. Mukuidziwa, ija anatigulira azakhali ake a Idah paukwati, ya zitseko zagalasi zotsetsereka, yokhala ndi babu mkati. Ndinaimirira ngati wina wandiitana. Galasi lilipo, magetsi alimo, kakiyi kalipo. Ndinati, koma Mulungu amakonzeratu zinthu!

Ndinatulutsa mbale zija, matambula, tiipoti, maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ukwati, nkuziika bwinobwino m'beseni, kuvindikira ndi chitenje. Palibe chimene chinasweka, chimenecho mumuuze. Kenaka ndinathamangira kwa a Majidi, akalipentala a kumunsi kwa mseu, kuti abwere ndi chobowolera.

Atafika anayang'ana disipuleyi, anayang'ana pilokesi ikugwedezeka, nkundiyang'ana ine.

“A Jailosi, amayi akunyumba akudziwa zimenezi?”

“Ndiwauza akabwera,” ndinatero.

“Akabwera?” Anapukusa mutu. “Ine ndi waganyu, ndiboola. Koma bowo silibwerera, achimwene.”

Ndinangoseka. Mutu wanga unali kale mkati mwa disipuleyi.

Tsono imvani ntchito imene tinagwira, chifukwa si yamasewera. Choyamba tinachotsa mashelefu agalasi, popeza njoka imeneyi ndi yapansi, sikonda kukwera. Mbali zonse ziwiri tinaboola mabowo khumi ndi awiri a mpweya, nkukhomerapo sefa ija ya m'mawindo yotchinga udzudzu, misomali kufupikufupi. Pakati pa magalasi awiri otsetsereka pamakhala kampata, kakang'ono kwambiri moti inu simungakaone, koma njoka ikangolowetsa mutu ndiye kuti thupi lonse ladutsa. Pamenepo ndinamatapo mphira ya chubu cha njinga, nkuyesa ndi pensulo kuzungulira paliponse. Pensulo ikalowa, ndiye kuti sipanatheke, yambiraninso.

Babu ija tinaitsitsa nkuiika kungodya imodzi, kuivindikira ndi chitini cha mkaka chobowolabowola kuti njoka isapse ikaikhudza. Nzeru yake ili apa, Achemwali: mbali imodzi izifunda, mbali inayo izizizira, kuti mwini wake azisankha yekha kokhala. Njoka ilibe kutentha kwa m'thupi ngati ife. Mukafunditsa monse mwaiphika, mukaziziritsa monse imasiya kudya. Ndinabwereka thamomita kulabu nkuipachika mkati, ndipo magetsi akazima, monga amachitira kunoku, ndimaika botolo la madzi otentha lokulunga m'sokosi. Pansi ndinayala manyuzi, poti masiku ano a matipate manyuzi ndi mbwee, aliyense akutulutsa yake. Pamwamba pake dothi lakuda limene ndinayamba ndaliwotcha m'chiwaya kuti tizilombo tife, kenaka masamba ouma a mango. Mapale awiri, lina kofunda lina kozizira, oti izibisalamo, chifukwa njoka yopanda pobisala imadwala ndi mantha. Khungwa limodzi lokhakhala loti izidzikhulapo pofundula. Madzi ndinaika m'mbale yolemera kuti isagubuduze. Inde, mbaleyo ndi ija yagalasi ya Idah yophikira keke. Imeneyo ndavomera.

Titaitulutsa njokayo mu pilokesi inayamba yakhala duu. Kenaka kalilime panja, nkuyamba kuyenda pang'onopang'ono, kuyendera ngodya zonse zinayi, kununkhiza madzi, nkukalowa m'phale la kofunda ngati inabadwira momwemo. Ine misozi inalengeza, sindinama. A Majidi nawo anaiwala kuti akundikalipira, anagwada pansi nkumati, “Ii, koma yakonda!”

Taonani, ndayambanso. Ndimati ndipepese, ndikungotama ntchito ya manja anga.

Chimene ndinaiwala nchakuti Lachinayi lomwelo masana amayi a Mvano amabwera kudzamulangiza Idah za pakati, poti ndi poyamba. Idah anandiuza sabata yonse, ine mutu uli kwa a Ramsey. Nthawi imene amafika ndinali kuseri kwa nyumba, kusaka abuluzi, popeza ndicho chakudya cha njokayo. Analowa anayi, mabulauzi oyera mbee, Idah patsogolo. Iye analunjika ku disipuleyi kukatenga makapu a alendo, nkupeza pakiyidwa. Amayi a Zelipa, apampando awo, anawerama kuti aone bwino, ati amayesa taikamo zokongoletsa za masiku ano. Pomwepo kamutu kanasuzumira m'phale.

Kukuwa kwa amayiwo ndinakumvera kuseri kuja, cha kuchimbudzi. “Mayo ine! Njoka! Yesu wanga!” Wina anatulukira kukhitchini, wina anasiya nsapato imodzi pakhomo. Ine ndinathamanga kuti ndiwafotokozere, nkukumana nawo pakhonde, buluzi wamoyo ali m'manja. Tangoganizani, Achemwali. Ndinayesa kunena kuti ilibe ululu, kuti ndi ya sukulu, kuti pepala lilipo. Ndani akanamvera munthu wogwira buluzi?

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pampopi. Ati Jailosi wakhwima. Ati njoka yake ndi yokawa chuma. Ena mpaka kufika ponena kuti ikudikira mwana amene ali m'mimbayo. Zimenezi ndiye zinandiwawa, ndipo mpaka lero ndikaganiza magazi amawira. Munthu wokhwima angamakhale m'nyumba ya lendi yodontha, wopanda ndi njinga yomwe? Angamayende wapansi kupita kuntchito, nsapato yong'ambika? Ndipo angaiike njokayo pabalaza, m'galasi, babu ikuwala kuti aliyense aione? Anthu a kuno pakamwa mpoipa!

Koma Idah sanakuwe. Pamene enawo amathawa, iye anangokhala pampando, manja pamimba, kuyang'ana beseni la mbale zake pansi pa tebulo. Ndinamuonetsa pepala la a Ramsey. Ndinamuonetsa sefa, mphira, kakiyi. Ndinalankhula mwina theka la ola. Atatopa anati:

“Za ufitizo ine sindikuzikhulupirira, a Jailosi. Inu ufiti simungauthe.”

Ndinayamba kumasuka, ndimayesa zatha.

“Koma kabedi ka mwana mwakhala mukunena kuti mawa, mawa, miyezi itatu tsopano. Nyumba ya njoka mwamanga m'mawa umodzi. Mwaganiza zoti ifunde, zoti isapse, zoti isachite mantha. Ine mwandifunsa liti ngati ndikuchita mantha?”

Ndiye mmalo mokhala chete ndinapsa mtima, mukundidziwa mmene ndiliri. Ndinati akukuza nkhani, ndinati disipuleyi ndi kabati chabe. M'mawa mwake analongedza chikwama. Ndipo pali china chimene mwina sanakuuzeni, ndikuuzani ndekha: sindinamuperekeze ku depoti ya ku Limbe. Magetsi anali atazima, ndinali kuwiritsa madzi a m'botolo. Mumtima ndimati apite, abwera yekha Lolemba. Mkazi wa pakati potero, chikwama pamutu, kukalimbirana minibasi yekha. Ndikamalemba pano manyazi andigwira.

Lolemba linadutsa, lina nkudutsanso. Nyumba ili zii. Ndimati ndikabwera kosaka abuluzi ndimuuze Idah kuti njoka yadya, kapena kuti maso ake achita mbuu ikufuna kufundula, nkukumbukira kuti ndili ndekha. Anansi sandipatsa moni. Amayi ogulitsa tomato pakona amandiponyera m'jumbo chapatali, kuopa kundikhudza dzanja.

Tsopano imvani zimene ndachita, muzikamuuza ndendende. Lachitatu ndinapita kunyumba kwa ahedi, ndinawagwadira. Alola kuti njoka ikhale kulabu ndipo andipatsa kiyi wa magetsi, bola pabokosi pakhale loko. A Majidi akhoma bokosi lenileni la matabwa a paini, la galasi kutsogolo, chitseko chapamwamba, mabowo ndi sefa monga muja. Kunena zoona laposa disipuleyi, chifukwa ndi lalitali chogona, mpata wa kofunda ndi kozizira ukuoneka bwino, ndipo babu taiika moti... ayi, ndisiye. Chachikulu nchakuti Lachisanu ndinaisamutsa. M'nyumba muno mulibenso njoka. Sukulu ikatsegulira aziiona ana mazana atatu tsiku lililonse, tione ngati onsewo akhwime.

Sindikunamizani kuti ndasiya kuikonda. Ndimayenda wapansi m'mawa uliwonse kukaona thamomita, ndipo ndikaipeza ili m'phale mwake mtima umakhala pansi. Idah asadzayese kuti ndasanduka munthu wina. Koma ndazindikira kuti nzeru zonse zija ndinali nazo, zoganizira chinthu chisanalire, ndipo ndinazithera pa njoka, mkazi wanga ali pomwepo.

Disipuleyi ndaitsuka ndi sopo katatu, mashelefu ndabwezera, koma mabowo aja ali pomwepo, a Majidi ananena zoona. Kabedi ndiye katha dzulo. Ndinakakhala nawo pa shedi tsiku lonse, kupala ndekha ndi sandipepa, ndipo mipata ya timitengo ta m'mbali ndinaiyesa umodziumodzi kuti kamutu ka mwana kasalowe. A Majidi anandiseka, ati ukalipentala ndauyambira ku njoka.

Pempho langa ndi ili, Achemwali. Mupite nokha kwa apongozi, musatume munthu. Muwawerengere kalatayi yonse, ndi malo omwe ndadzitamawo, kuti adziwe kuti sindinabise kanthu. Ngati akufuna ankhoswe, uzani amalume, ine ndikhala pansi pamaso pawo nkumva zonse. Sindikunena kuti Idah akwere basi ndi mimba imeneyo pamsewu wa ku Phalombe, ayi. Ndingofuna mawu amodzi akuti bwerani, Loweruka lomwelo mundiona.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana nonse. Moni kwa amalume, muwauze kuti mphwawo walakwa koma sanakhwime. Moni kwa apongozi, ngati angaulandire.

Kwa Idah sindikudziwa kuti ndipereke moni wotani. Mumufunse ngati miyendo ikutupabe, ndiponso ngati akupita kusikelo kumeneko, chifukwa khadi lake anasiya kuno ndipo ndaliika mu envulopu momwemu. Makalata a kwathuko amachedwa, ndikudziwa. Ngati ino ikupezani mwana atabadwa kale, chonde musandibisire pofuna kundilanga. Ndilembereni, ngakhale pakapepala ka sopo, kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndiponso kuti amayi ake adzuka bwanji.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Jailosi