Ndalama za chiliza chanu ndaulukira

Amayi, kumene muliko zikukuyenderani bwanji? Kuno ku Joni ndi Juni, kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Ndikulemba nditafunda bulangete lija ndinakugulirani mukudwala, lomwe achemwali anandibwezera maliro atatha.

Za kumudzi ndimazimvera pafoni. Achemwali anabereka mwana wamkazi mu Malichi, amutcha dzina lanu, akuti ngakhale mphuno ndi yanu. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma chimanga anankafumbwe achiyamba kale. Denga la khitchini linagwa ndi mvula, amalume alikonza.

Zonsezi ndikungozengereza, amayi. Pali nkhani.

Mukukumbukira ndege ikamadutsa ndinkasiya ndowa ikusefukira pamjigo, inu n'kumati, "Iwe Tiyamike, udzagwera m'dzenje maso ali kumwamba." Digiri ndinatenga, ntchito kwathu osaipeza, ndinabwera kuno. Zaka zitatu ndakhala ndikuyeza nsalu za makatani m'shopu ku Fordsburg, digiri ili m'sutikesi. Ndinatopa. Ndinkadziona ndikukalamba sizasi ili m'manja. Ndiye ndinakalembetsa kusukulu ya oyendetsa ndege kunja kwa tauni. Kumeneko salipiritsa pa teremu ayi, amawerenga maola amene wakhala m'mwamba, ndipo ola limodzi limameza malipiro anga a sabata yathunthu.

Kubanki anandikana ngongole. Mayi wa pakauntala anatembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha: dzina langa lili pamndandanda wa anthu osabweza ngongole. Gwero lake ndi bulangete lomweli, ndi madiresi awiri aja ndinakutumizirani. Ndinazitenga pa akaunti kusitolo, ndiye nditabwera kumaliro ndinakhala kumudzi miyezi itatu osalipira. Ndinadzamaliza kulipira zonse, koma dzina silinayere, akuti zimatenga zaka. Banki yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inafuna munthu wokhala ndi nyumba yakeyake woti andisainire. Ndikamutenga kuti, ine wogona pafulati ya anthu asanu ku Joubert Park?

Mu Epulo amalume anatumiza ndalama kudzera kwa dalaivala wa basi. Anagulitsa mbuzi zanu zinayi, achemwali anawonjezera za geni yawo. Anagwirizana kuti chiliza chanu chisakhale cha simenti yokha: ndigule mwala wosalala kuno, dzina lanu alilembepo ndi makina, ndibwere nawo mu Ogasiti anthu atamaliza kukolola. Anasankha ine chifukwa akuti ndine wophunzira, sangandibere pamtengo.

Ndalamazo zinakhala m'chitini cha tiyi masiku naini. Tsiku la teni ndinapita nazo kusukulu. Ndinadziuza kuti ndangobwereka, ndibweza Juni asanafike. Juni wake ndi uyu, chitini chili pululu.

Lachiwiri lapitali aphunzitsi anatsika m'ndege, kutseka chitseko, n'kundiuza kuti ndiuluke ndizungulire bwalo la ndege ndekha. Ndinauluka ndekha, amayi. Mpando wa pambali panga unalibe munthu. Ndinatera bwinobwino, anzanga n'kundikhuthulira ndowa ya madzi monga amachitira ndi aliyense pa tsiku lotere. Ndikhala ndikunama ndikati sindinasangalale. Ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse chibadwire, ndipo chimenecho ndi chomwe chikundiwawa.

Mawa lake ndinaimbira achemwali kuti ndiwauze za ndegeyo. Ndisanayambe n'komwe, anandiuza kuti anapita kukalambula kumanda. Lata lija tinalembapo ndi penti mvula yalitsuka, pa dzina lanu patsala zilembo zitatu zokha. Anandifunsa ngati mwala ndagula. Ndinati akuulemba. Za ndege sindinazitchulenso.

Miyezi yonseyi ndakhala ndikulira kuti dzina langa lada kubanki, pamene lanu likufufutika pamanda, ndipo wolifufutitsa ndine.

Tikaswa mbale munkati, "Bwera nazo zidutswazo ndizione, usakazitaye kuseri kwa bafa." Kukalipa munkakalipa ndithu, koma wobisa ndiye ankaona zakuda. Ndiye zidutswa zake ndi izi, ndayambira kwa inu. Lamlungu ndiimbira amalume, ndiwauza ndi pakamwa panga, kenako achemwali. Ndikudziwa kuti achemwali sakalipa, koma ndikuopa kuwauza iwowo kuposa mawu onse a amalume.

Sukulu sindisiya, pamenepo sindikunamizani. Koma sindikweranso ndege mpaka mwala wanu utagulidwa, ngakhale manja aiwale zomwe aphunzira. Ogasiti uno ndalama sizikwana. Ndibwerabe pa basi ndi chitini cha penti ndi bulashi, ndidzagwade pamanda panu anthu onse akuona, ndidzalembenso dzina lanu lonse palata lomwelo.

Ndimakukondani, amayi. Mwalawo ubwera, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wa maso kumwamba uja,
Tiyamike